Njoka Yosadziwa Kumwamba ndi Pansi

Kwathu ku Mwase Lundazi, nkhuku ikapotoza khosi n'kuyamba kuyang'ana kumwamba ngati ikufuna nyenyezi masana, palibe amene amaseka. Ngakhale mwana wa giredi 2 amadziwa kuti chitopa chalowa m'mudzi, chija ena amati chideru. Chimakonda miyezi yotentha, kuyambira September mpaka mvula itagwa, nthawi imene anthu amamangirira nkhuku kumbuyo kwa njinga kupita nazo ku Boma kukasaka ya feteleza. Chimayamba ndi kuwodzera, mapiko kugwa ngati jekete lobwereka, chitosi chobiriwira. Zambiri zimafera pamenepo. Mwa zimene zapulumuka, zina zimatsala ndi khosi lopotoka, kuyenda chozungulira, kujompha pambali pamene njere ya chimanga ili pomwepo. Azungu anayamba kulemba za nthendayi mu 1926, itabuka ku Java ndi pafupi ndi tauni ya Newcastle ku England, ndipo dzina la tauniyo ndilo mumaliona pabotolo la katemera.

Ndayamba ndi nkhuku chifukwa ndizo ndimadziwa. Ndili nazo zakumudzi zoposa 40, ndipo katatu pachaka ndimayenda khomo ndi khomo ndi kabotolo ka katemera wa I-2 katakulungidwa m'kansalu konyowa, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, mwini wake n'kundipatsa kangachepe. Ntchito imeneyi imaphunzitsa munthu kuyang'ana mutu wa chiweto asanayang'ane china chilichonse. Koma nkhani yanga lero ndi ya njoka, ndiponso ya ndalama za soya zimene ine ndi alongo anga aakulu tinatsala pang'ono kudanirana chaka chino.

Alongo angawo ali ku Johannesburg, chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri. Amagwira ntchito kwa bwana wina woweta njoka zogulitsa. Musaganize za khola kapena dzenje: ndi galaja yaikulu yotenthedwa ndi magetsi, mashelefu mpaka kudenga, shelefu iliyonse ili ndi mabeseni apulasitiki otseguka ngati madirowa, m'beseni lililonse muli njoka imodzi, mbale yamadzi ndi kobisalamo. Ntchito yawo ndi kutsuka mabeseniwo, kusintha madzi, kuyang'anira mazira, ndi kuweta makoswe oyera kuseri kuti njokazo zizidya. Abemba amene mukuwerenga pano, sekani msanga tipitirize. Inde, munthu wakum'mawa anapita mpaka ku South Africa n'kukapatsidwa makoswe kuti awasunge. Kungoti khoswe si mbewa, ndipo kusiyana kwake ife timakudziwa.

Malata atakwera panyumba ya amama, m'mudzi munayamba manong'onong'o akuti mnyamata uja ali ndi njoka. Inu a ku Kanyama ndi Chawama mukuidziwa nkhani imeneyi, palibe komboni imene ilibe munthu wake wogona ndi njoka yosanza ndalama. Amama zinawapweteka kwambiri mpaka analeka kupita kuchigayo masiku angapo. Ine ndinkangoseka chamumtima, chifukwa anthuwo sananame. Ndalama ya malata inachokeradi kwa njoka. Anangolakwitsa chiwerengero, ndiponso mwini wake.

Mu April alongo ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Kanjoka kokhuthala ngati mpini wa khasu, kachikasu ngati uchi, m'mbali moyera, pamsana timizere takuda tating'ono tolukana ngati ukonde wa kangaude. Kukongola kwake sindikana, ndinakaonera kawiri ndisanazindikire china chilichonse. Kenako dzanja linabweretsa khoswe wakufa pachopanira chachitsulo. Njoka inadzutsa mutu, mutuwo n'kuyamba kugwedera uku ndi uku ngati wa nkhalamba yofika kumapeto. Inalumpha, n'kuphonya. Inalumphanso, n'kuluma mphepo. Ndiye inakweza khosi, kulipinda chagada pang'onopang'ono mpaka chibwano chinaloza kudenga, n'kukhala choncho, chamimba kumwamba, lilime likutuluka ndi kulowa ngati palibe chachitika. Kumbuyo kunkamveka anyamata akuseka.

Ndinalemba nthawi yomweyo kuti, "Alongo, ipatuleni msanga imeneyo isanapatsire zinzake, ndipo musambe m'manja." Yankho linabwera pamawu ojambula, munthu akutafuna china chake. "Iwe, si chitopa cha nkhuku zako ichi. Iyi ni spider, zimabadwa tero chabe. Manje imvera, izi ndiye zili ndi ndalama."

Mawu akuti zimabadwa tero anandikhala pamtima, ndipo data ya mwezi wonse inathera pa kuwerenga za njoka imene sindinaigwirepo.

Njokayi kuno kulibe. Pachizungu amaitcha ball python, chifukwa ikaopsedwa, m'malo moluma imadzikulunga n'kukhala ngati chimpombwa chija munkamanga ndi mapulasitiki, mutu itaubisa pakati. Kwawo ndi m'madambo ndi m'minda ya kumadzulo ndi pakati pa Africa, kuyambira ku Senegal mpaka ku Uganda, kumene imabisala m'mauna a mbewa ndi m'zulu. Kawirikawiri sipitirira mita imodzi ndi theka. Ndi mng'ono wake wa nsato yathu ija imafika mamita anayi n'kumeza mbuzi. Ilibe ululu, ndi yofatsa, imadya kamodzi pasabata kapena pamasabata awiri, siuwa, ndipo sifuna bwalo. N'chifukwa chake anthu okhala m'mafulati ku America, ku Ulaya ndi ku Japan anaikonda.

Kwawoko si chinthu wamba. Ku Ouidah, m'dziko la Benin, kuli kachisi wa njoka zimenezi, wayang'anizana ndi tchalitchi chachikulu cha Akatolika, ndipo kupha imodzi n'kulakwira mizimu. M'madera ena a Aigbo ku Nigeria, ikafa mwangozi amaiika m'manda ndi mwambo ngati munthu. Zimenezi ife Achewa sizingatidabwitse. Ku Msinja, kumene Makewana ankapempha mvula, Chauta ankabwera ngati njoka yotchedwa Thunga, ndipo ku Khulubvi, m'boma la Nsanje ku Malawi, amati Mbona amayendera mkazi wake Salima atasanduka nsato. Ambuya anga, ngakhale anali a mvano wa mpingo, sankalola kuti nsato yopezeka kudimba iphedwe. Ankati ithamangitseni chabe, mukaipha chitsime chiuma.

Koma ku Benin komweko, ndi ku Togo ndi ku Ghana, ndiko kumachokeranso njoka zogulitsa. Alenje amakumba mauna kufuna zazikazi zokhala ndi mazira, mazirawo amakaswera m'mafamu, tiana n'kukwera ndege m'timatumba tansalu. Kuyambira 1975, zoposa 3 miliyoni zachoka kumadzulo kwa Africa mwanjira imeneyi. Pakati pa zikwizikwi zofanana, nthawi zina pamapezeka imodzi yobadwa mosiyana: yoyera, yachikasu, yamawangamawanga ngati ng'ombe. Zoterozo oweta amazitcha morph, ndipo ndizo zinasandutsa kuweta njoka kukhala malonda aakulu. Imodzi mwa izo, yamizere ya kangaude, inafika kwa Kevin McCurley, mwini wa New England Reptile Distributors ku New Hampshire, amene anayamba kuichulukitsa cha mu 1999. Oweta amanena kuti njoka zonse za spider zimene zili padziko lero, kuphatikizapo ya m'kavidiyo ka alongo anga, ndi zidzukulu za imodziyo.

Mmene inachulukira msanga choncho, woweta nkhuku aliyense angamvetse. Lowetsani tambala wa kameta m'khola la misoti wamba, mudzaona kuti mazira akaswa, anapiye ambiri, mwina theka, atuluka ndi khosi lopanda nthenga. Sipafunika kuti mayi akhalenso kameta. Spider imayenda chimodzimodzi: kholo limodzi likakhala nayo, dzira lililonse lili ndi mwayi wa theka. Mukaikweretsa ndi mtundu wina wowala wotchedwa pastel mumapeza ina yachikasu kwambiri imene amaitcha bumblebee, ndipo mitundu yosakaniza yotere ilipo yambirimbiri, uliwonse ndi dzina lake ndi mtengo wake. Kusiyana kwake ndi kameta n'kwakuti khosi la kameta limamuthandiza mwini wake. October akafika, zinzake zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe, kameta amakhala akupalasa. Chimene spider imalandira pamodzi ndi mizere yake sichiithandiza kanthu.

Kugwedera kuja ndi mizere ija n'zomangidwa mtolo umodzi. Zina zimagwedera pang'ono moti simungaone mpaka nthawi yodya kapena zikadzidzimutsidwa. Zina zimazungulira ngati chotsegulira botolo, kugwa chagada, kulephera kudzitembenuza msanga. Kholo logwedera pang'ono limatha kubereka mwana wogwedera kwambiri, ndipo patatha zaka zoposa 20 anthu akusankha ndi kusakaniza, palibe amene walekanitsa ziwirizo. Mukakweretsa spider ndi spider inzake, oweta amati dzira limene lalandira chibadwacho mbali zonse ziwiri nthawi zambiri limafa lisanaswe. Ndipo si spider yokha, ina yotchedwa champagne ndi ina yotchedwa woma zili ndi vuto lofanana.

Apa ndiyenera kuwapatsa zawo alongo anga, chifukwa ntchito yawo amaidziwa. Anandifotokozera kuti kugwedera kumene iwo ndi bwana wawo amakuopa ndi kwina. Njoka yabwinobwino imene dzulo inali kuyenda mowongoka, lero n'kuyamba kuyang'ana kudenga, imeneyo imachotsedwa m'galaja nthawi yomweyo n'kupita kwa dokotala wa zinyama. Kungakhale kachilombo koyambitsa nthenda yotchedwa IBD, imene ilibe mankhwala ndipo imapha nsato mofulumira, ndipo ambiri amakayikira kuti imayenda ndi tizilombo tonga utitiri tobisala pansi pa mamba. Kungakhale kutentha, chipangizo choyezera moto chikafa usiku beseni n'kusanduka uvuni. Kungakhalenso mankhwala ophera utitiriwo atachuluka. Chimenecho ndicho chitopa chawo, ndipo amachita nacho monga ife timachitira ndi chathu: kupatula, kutsuka, kudikira ndi mantha. Koma spider ikachita zomwezo amangoti ndi khalidwe lake, ena mpaka amati n'zosangalatsa, n'kuiika pa Facebook ndi kanyimbo kumbuyo. Chizindikiro n'chimodzi. Chikabwera chokha amachitcha nthenda, chikabwera ndi mtengo wabwino amachitcha khalidwe.

Kwa nthawi yaitali anthu ankati vuto lili m'bongo. Mu 2014 ofufuza awiri a ku Britain, Rose ndi Williams, anafunsa oweta njoka ndi akatswiri a umoyo wa zinyama za nkhaniyi. Oweta ambiri anati njokazo zili bwino, zimadya, zimakula, zimaswana. Akatswiri ambiri anati zikuvutika ndithu. Mu 2018 bungwe la International Herpetological Society, limene limakonza misika ikuluikulu ya zokwawa ku Britain, linaletsa kugulitsa spider pamisika yake. Kenako mu 2022 ofufuza a ku Munich ndi ku Leipzig, ku Germany, anaunika zigaza za njoka zingapo ndi makina ojambula mkati mwa fupa, n'kupeza kuti chosokonekera chili m'khutu.

Njoka ilibe khutu lakunja koma lamkati ili nalo, monga ife. M'katimo muli timachubu titatu topindika tokhala ndi madzi, ndi kathumba kokhala ndi timiyala tosaoneka ndi maso. Mutu ukatembenuka madziwo amayenda, ukapendekeka timiyalato timatsetsereka, ndipo umo ndimo thupi limadziwira kumene kuli kumwamba ndi kumene kuli pansi, ngakhale mumdima. Mwa njoka za spider zimene anaunika, timachubuto ndi kathumbako zinali zopangika molakwika poyerekeza ndi za njoka wamba.

Nditawerenga zimenezo ndinakumbuka kwinini. Amene munadwalapo malungo aakulu kale, Coartem asanafale, mukudziwa chimene ndikunena. Ndinali ndi zaka 9. Malungo anatha, koma kwa masiku angapo m'makutu munkalira ngati nyenje za mu October, ndipo ndikadzuka pamphasa nyumba yonse inkapendekeka. Ndinkagwira khoma kupita kuchimbudzi. Palibe pamene pankapweteka, mukanandifunsa kuti pakuwawa ndi pati sindikanaloza. Nsima ndinkadya. Koma sindingafunire munthu aliyense sabata ngati imeneyo, ndipo ine ndinali ndi pakamwa ponenera kuti amama, ndigwireni. Choncho munthu akandiuza kuti njoka ili bwino chifukwa ikudya, ndimamva ngati akunena za ine ndili ndi mbale m'manja, dziko likuzungulira. Ena amayankha kuti njokayo inabadwa choncho, sidziwa moyo wina, ndiye sidandaula. Mwina. Koma khoswe imamuphonyabe, ndipo ikagwa chagada imalimbanabe kuti itembenuke. Thupi lake likufuna chinthu chimene khutu lake silingapereke.

Tsopano za soya. Munda ndi wa amama, mphamvu ndi zanga, ndalama ya mbewu ndi ya aganyu imachokera ku Johannesburg. Tikagulitsa timagawana patatu, ndipo sitinakanganepo. Chaka chino alongo anapempha kuti gawo lawo ndi langa tiphatikize, agule njoka zitatu zawozawo kwa bwana wawo pamtengo wotsika, yamphongo ya bumblebee ndi zazikazi ziwiri. Anawerengera zonse. Yaikazi imayamba kuikira ikafika zaka zitatu, mazira asanu kapena asanu ndi limodzi pachaka, amaswa pakatha masiku pafupifupi 60, theka la ana lidzakhala la mizere. Anati, "Mlongo wanga, zaka seveni ndikutsuka matuvi a njoka za munthu wina. Ndifuna nane ndikhale ndi changa." Amene muli ndi m'bale kunja mukudziwa kulemera kwa mawu oterowo. Munthuyu amagona m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni, amayenda ndi pasipoti m'thumba tsiku lililonse, maliro a atate anawaonera pafoni. Sukulu yanga ya sekondale anamaliza kulipira ndi iwo. Kuwakana kunali ngati kulavulira m'mbale imene ndadyeramo.

Ndinawauza kuti ndalama nditumiza, koma osati ya njoka yogwedera. Ndipo iwo anatulutsa mkondo umene anausunga. "Nanga mabroila ako a pa Khirisimasi? Aja amakhala pansi miyendo itatambalala, kulephera kufika pamadzi? Anadwala chitopa aja?"

Sanadwale chitopa. November aliyense ndimaitanitsa anapiye 50 a tsiku limodzi kuchokera ku Chipata, ndipo pakatha masabata asanu ndi limodzi amakhala afika makilo awiri. Nkhuku yakumudzi imafuna miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti ifike poti n'kudyedwa. Kusiyanako sikuchokera m'chakudya chokha. Anthu anasankha mbewu kwa zaka zambiri kuti chidali chikule msanga, ndipo chinakula kuposa mmene miyendo ndi mtima zingathere. Pa 50 paja sipalephera atatu kapena anayi okhala pansi sabata yachisanu, kapena amene mumawapeza m'mawa atafa chagada popanda kudwala. Inu amene mumagula nkhuku ku Soweto Market kapena chipsi ndi chikeni pa siteshoni, ndi zomwezo. Alongo ananena zoona, dzanja limene linapanga broila ndi limene linapanga spider ndi limodzi: munthu anaona chimene akufuna pa chiweto, n'kuchikoka mpaka china chinathyoka.

Koma sindivomera kuti ziwirizi n'zofanana kulemera. Broila sindimuyesa wamwayi, komabe mavuto ake ndi a masabata, amayamba kumapeto, sagwira onse, ndipo ndikachepetsa chakudya usiku ndi kuwapatsa malo ndimatha kuwachepetsa. Pamapeto pake mwana wina amadya nyama pa Khirisimasi, mwina kachiwiri chabe chaka chonse. Ball python yosungidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30, zina kupitirira 40. Chizungulire chake chimayamba tsiku loswa, palibe chakudya kapena mankhwala ochichotsa, ndipo chimene munthu amapindula ndi kutsegula dirowa, kuyang'ana mizere, kujambula, n'kutsekanso. Komanso pali njira ina yosavuta. Ulipo mtundu wotchedwa pinstripe, wa timizere tating'ono tokongola chimodzimodzi, woyenda m'chibadwa mwa njira yomweyo ya theka, umene sudziwika ndi kugwedera. Woweta broila alibe nkhuku ina yofika makilo awiri pamasabata asanu ndi limodzi. Woweta njoka ali nayo ina pashelefu yomweyo.

Nkhani inakula mpaka inafuna akuluakulu. Tinakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira bwino ngati foni sinathawire ku ya ku Malawi, ine, amama ndi amalume, foni ili pakati. Alongo anayamba kufotokoza za majini a njoka, kutanthauza za chibadwa zija tinaphunzira mu sayansi. Amama atangomva liwu lakuti majini anagwira pachifuwa n'kuyamba kuitana Yesu, ndipo panapita nthawi kuti tiwakhazike mtima pansi kuti si majini a mizimu. Manong'onong'o a kuchigayo aja anali asanawachoke.

Amalume ndi munthu wa ng'ombe, ndipo zoti njoka imamva bwanji analibe nazo ntchito. Anaonera kavidiyo kamodzi, n'kubweza foni. Anati, "Mphwanga, ine thole likabadwa lopunduka sindilipha. Ndimalithena, likakula likoke ngolo ngati lingathe. Koma kulisiya kuti likhale nkhunzi ya khola, ndiye kuti khola lonse ndalipha ndekha. Iwe ukufuna kuyamba khola ndi nkhunzi yopunduka, ndiponso yogula?" Alongo anayankha kuti ku Johannesburg anthu amagula maonekedwe, sagula mphamvu. Amalume anati anthu ogula amasintha maganizo, chilema sichisintha. Pamenepo ndinaonjeza za ku Britain zija, kuti msika wina unatseka kale chitseko, ndipo njoka yogulidwa lero idzayamba kuikira patapita zaka zitatu, pamene ogula ambiri adzakhala atamva zimene ine ndamva ndili kuno kumudzi ndi foni yosweka galasi.

Amama anakhala chete nthawi yonseyo. Atapempha kuti aonenso kavidiyo, anakaonera mpaka pamene njoka yagona chagada, n'kufunsa mwana wawo funso limodzi lokha: "Nanga ikafuna kugona, imagona bwanji?" Kumbali ina kunali zii. Kenako alongo anati imalowa m'kabokosi kake n'kudzipanikiza m'makona, thupi likakhudza makoma mbali zonse mutu umaleka kugwedera. Ananena motsitsa mawu, ngati munthu amene wakhala akuziona usiku uliwonse koma sanafunsidwepo.

Sitinagwirizane tsiku limenelo. Foni inaduka, kaya ndi netiweki kaya ndi chala. Panapita masabata awiri mauthenga anga akuwerengedwa popanda yankho, ndipo amama ankandiyang'ana ngati ndine ndawathamangitsira mwana kachiwiri. Soya tinagulitsa mu June, ndalama ndinaisunga mufoni osaikhudza. Kumayambiriro kwa July kunabwera chithunzi chopanda mawu: tinjoka titatu m'mabeseni atsopano, yamphongo ya pinstripe, zazikazi ziwiri za pastel. Pansi pake nambala ya akaunti. Ndinatumiza tsiku lomwelo. Mpaka lero sananene kuti ndinali ndi mfundo, amangoti bwana anakweza mtengo wa bumblebee. Ine sindifunsa.

M'chithunzicho munali beseni lachinayi kumapeto, losatsekedwa bwino. Nditafunsa anati ndi ija ya m'kavidiyo. Inali itafika poti palibe angaigule, ndipo bwana sasunga pakamwa posabweretsa ndalama. Alongo anaipempha, anaipatsidwa ulere. Ndi yamphongo, ndipo alonjeza pamaso pa amalume kuti sidzaona yaikazi. Aikonzera beseni lalifupi lopanda nthambi yokwerapo kuti isagwe, mbale yamadzi yosazama kuti ikatembenukiramo isamire, tobisalamo tiwiri tothina. Khoswe wamoyo saipatsa, chifukwa njoka yophonya khoswe amailuma ndi kuiboola. Amaipatsa wakufa wofunditsidwa m'madzi otentha, atamugwira ndi chopanira osamugwedeza, magetsi atazimitsa, iwo atakhala duu. Aitcha dzina lakuti Kachasu. Ndinawauza kuti dzinalo ndi lachipongwe, anati ndiyambe ndaidyetsa kaye ndisanaisankhire dzina.

Lamlungu lapitali inaphonya kanayi, kachisanu inagwira. Mwini nyumba sakudziwa kuti kuchipinda chakuseri kuli njoka zinayi pansi pa bedi. Alongo ali ndi zaka 31, Kachasu ali ndi ziwiri, ndipo ngati zonse ziyenda bwino adzakhala akuzimitsirana magetsi mpaka alongo atamera imvi. Vuto limene lilipo panopa ndi la December, chifukwa akufuna kubwera kudzaona manda a atate ndipo njoka sizingakwere basi kudutsa Beitbridge ndi Chirundu. Mnzawo wina wa ku Mzimba, wogwira ntchito m'dimba la maluwa pafupi nawo, wavomera kuti azidzasintha madzi masabata atatuwo, malinga asakhudze chilichonse ndi dzanja, ndipo mkazi wake asamve.